Kuphunzitsa Kakolo Kumvanso Nthaka

Pitani pabwalo lililonse la mpira m'dera la Mfumu Zingalume, kuno ku Chadiza, simulephera kupeza mnyamata yemwe anzake amati mwendo wake ndi wofooka. Anabinya kamodzi, mwina ataponda m'kadzenje komwe chiboda cha ng'ombe chinasiya dzinja dothi lili lofewa, chilimwe n'kudzauma gwa. Kunyumba anamuthowa, chotupa chinaphwa, pasanathe masabata atatu anabwerera m'bwalo. Kuyambira pamenepo phazi lija limangopindika lokha: lero potembenuka ndi mpira, mawa potsika panjinga, mkuja pamalo osalala pomwe palibe ndi kamwala komwe. Fupa silinathyoke, ululu si wambiri, koma mwini wake salipondanso ndi mtima wonse.

Ndimasilira kwambiri anthu odziwa kukonza phazi lotere, a mafizo, chifukwa luso lawo silisiya chipsera choti wina n'kuloza. Amachiza chinthu chomwe ngakhale makina ojambula mafupa sachiona.

Phazi likapindikira m'kati, choyamba kung'ambika nthawi zambiri ndi kamnyewa kakafupi ka kunja kwa kakolo, komwe kamamanga fupa laling'ono la mwendo ku fupa lokhala pamwamba pa chidendene. Kamnyewako kamapola. Koma m'menemo ndi mozungulira kakolo muli timitsempha tomwe timauza ubongo mmene phazi lakhalira, ngati lapendeka kapena laponda bwino, munthu asanayang'ane n'komwe. Mu 1965 dokotala wa mafupa wa ku London, Michael Freeman, ndi anzake analemba kuti kubinya kumawononganso timitsempha timeneti, ndipo n'chifukwa chake kakolo amapitiriza kugwa ulesi bala litapola. Uthenga umafika mochedwa kapena wosamveka, minofu ya m'mbali mwa katumba yomwe imayenera kubweza phazi imadzuka ngozi itachitika kale. Mankhwala omwe Freeman anapereka anali thabwa lopendekeka: wodwala aimepo, ligwedezeke, phazi liphunzirenso. Kafukufuku wa ku Dublin wa mu 2016 anapeza kuti mwa anthu obinya koyamba, pafupifupi 40 pa 100 alionse anali akadali ndi vutoli chaka chitatha. Choncho mnyamata wa pabwalo lathu uja sali yekha.

Muoneni katswiri akamagwira ntchito. Sathamangira kugwira mwendo. Amauza wodwala kuti avule nsapato, aime ndi mwendo wabwino, kenako ndi wovulala, iye n'kumangoyang'ana. Sayang'ana kakolo yekha. Amaona zala ngati zikukanda pansi ngati za nkhuku, amaona bondo ngati likugwera m'kati, chiuno ngati chapendeka, mikono ngati ikupalasa mphepo. Akatero amajambula pansi mizere 8 yochokera pakati ngati nyenyezi. Wodwala amaima pakatipo ndi mwendo wovulala, winawo n'kuutambasula motsata mzere uliwonse mpaka pomwe angafike osagwa, kukhudza pang'ono ndi chala chachikulu, n'kubwerera. Pomwe mwendo wovulala ukuperewera poyerekeza ndi unzake, pamenepo mpomwe ntchito iyambire. Zida zake ndi choko ndi tepi yoyezera basi.

Chovuta, chomwenso chimasiyanitsa katswiri ndi wongowerenga m'buku, n'kudziwa muyeso. Zolimbitsa thupi zikaphweka kwambiri phazi siliphunzira kanthu. Zikavuta kwambiri munthu amaumitsa thupi lonse ndi mantha kapena kubinyanso. Katswiri amasunga wodwala pamalire enieni, pomwe kakolo akunjenjemera koma sakugonja. Akaona kuti kunjenjemera kwatha, amasintha chinthu chimodzi chokha: simenti n'kukhala pilo, pilo n'kukhala thabwa logwedezeka, kuima n'kukhala kudumpha ndi kutera ndi mwendo umodzi. Ndiye pamabwera mawu omwe wodwala aliyense amadana nawo: "Musayang'ane pansi, achimwene." Munthu amaima mowongoka chifukwa cha zinthu zitatu, maso, m'kati mwa khutu, ndi uthenga wochokera kuphazi. Wovulala kakolo amazolowera kudalira maso kuti abise kuperewera kwa phazi. Koma m'bwalo maso ali ndi ntchito ina, akutsata mpira ndi mdani. Phazi liyenera kudziyang'anira lokha.

Apa mpamene anthu opanga masewero a pakompyuta analowera, poyamba asakudziwa n'komwe kuti akuthandiza achipatala. Mu 2007 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa Wii Fit pamodzi ndi kathabwa koyera koimapo. M'makona ake anayi muli tizipangizo toyeza kulemera, ndipo kuchokera pamenepo makina amadziwa mbali yomwe munthu watsamira. Limodzi mwa masewero ake ndi lomenya mpira ndi mutu. Pawailesi yakanema mipira imabwera kuchokera kumanja, pakati ndi kumanzere, iwe n'kumatsamira komwe ikubwera. Koma pakati pa mipirayo pamaponyedwanso nsapato, zomwe uyenera kuzizinda. Ndimaona nzeru yaikulu m'kanthu kameneka. Nsapato ija imakakamiza munthu kusankha mwachangu, kuyamba kutsamira kenako n'kusintha maganizo thupi lili kale paulendo, ndipo pabwalo kakolo amapindika nthawi ngati yomweyo. Sewero lina ndi la thebulo lopendekeka lomwe uyenera kugubuduzirapo timipira kuti tigwere m'mabowo. Ili limafuna kudekha: kutsamira pang'onong'ono, kuima, kubwerera. Wosewera amaiwaliratu kuti ali ndi phazi, pomwe phazilo likugwira ntchito yonse. A mafizo m'maiko ambiri anakatenga kathabwako n'kukalowetsa m'zipinda zawo.

Masiku ano kuli zipangizo za virtual reality zovala kumaso, zomwe zimatseka dziko lenileni n'kukuika m'dziko lojambulidwa. Kwa wa mafizo izi zimapereka chinthu chomwe kale analibe. Kale ankangosankha pakati pa maso otsegula ndi maso otseka. Tsopano angathe kusiya maso otsegula koma n'kuwanamiza: chipinda chioneke ngati chikupendeka pamene pansi pali chilili, khamu la anthu lidutse, munthu aone ngati waima pamlatho wopapatiza. Ubongo ukaona kuti maso sakunena zoona, umayamba kumvetsera phazi. Makinawo amasunganso manambala, kotero kuti wodwala amaona yekha kuti sabata ino wagwedezeka pang'ono kusiyana ndi yatha. Komabe wosankha sewero, wokweza kapena kutsitsa liwiro, woima pambali dzanja lili pafupi ndi phewa la wodwala yemwe sakuona khoma, ndi katswiri yemwe uja. Makina angapereke mapointi ochuluka kwa munthu yemwe akubera potsamira ndi chiuno kakolo ali wouma. Diso la munthu ndilo limagwira kuberako.

Ine sindikhulupirira kuti magalasi a virtual reality amenewa amachiza kuposa thabwa. Mphamvu yawo ili pakuti munthu amabweranso mawa. Kuima ndi mwendo umodzi kumatopetsa mtima, ndipo ambiri amasiya ululu ukangotha. Ku Netherlands, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2009, ofufuza anatsata osewera 522 omwe anali atabinya. Ena anapatsidwa thabwa ndi ndondomeko ya masabata 8 yochitira kunyumba popanda woyang'anira. Chaka chitatha, mwa iwowa 22 pa 100 alionse anabinyanso, pomwe mwa anzawo osachita mafizowa anali 33. Panalibe sewero la pakompyuta pamenepo. Panali thabwa ndi kupirira, ndipo sewero labwino limapeputsa kupirirako.

Chipangizo chovala kumaso chili kutali ndi Zingalume. Ngakhale wa mafizo weniweni, wophunzira ku Evelyn Hone College kapena ku University of Zambia, munthu amamupeza atakwera ulendo wopita kuchipatala chachikulu, ndipo ndi ochepa omwe angawononge ndalama ya galimoto chifukwa cha phazi lomwe likuyenda. Zimandiwawa kuona mnyamata waluso akusiya mpira pazaka 19 chifukwa cha chinthu chomwe miyezi iwiri ikanakonza. Koma thabwa logwedezeka kalipentala aliyense wa pamsika angalipange: thabwa lozungulira, pansi pake n'kukhomerapo chibulumwa cha mtengo chosemedwa ngati theka la dzungu. Mphunzitsi wa zamasewero angajambule nyenyezi ija ndi kamtengo pamchenga. Akaponyera wodwala mpira uku waima ndi mwendo umodzi, n'kumamufunsa masamu kuti maganizo achoke kuphazi, wachita zomwe Nintendo inachita.

Ndipo sewero lomwe lili ndi zonsezi tili nalo kale pabwalo la nyumba. Taonani atsikana akusewera phada madzulo. Mwana amaponya phale m'bokosi loyamba, n'kudumpha ndi mwendo umodzi, kutera pakati osaponda mzere, kutembenuka, kuwerama ndi mwendo womwewo kuti atole phale uku winawo uli m'mwamba. Maso ali paphale, makutu ali kwa anzake omwe akudikira kuti alakwe, palibe yemwe akuganiza za kakolo. Akapambana, phale limapita bokosi lakutali ndipo ntchito imakula ndi sitepe imodzi yokha. Momwe tinkasewerera ife, chakumapeto unkayenda nkhope itayang'ana kumwamba, osaona mizere, n'kumafunsa pa sitepe iliyonse ngati waponda. Anzako ankayankha mokuwa, ndipo iwe unkakweza phazi lina, zala zitatambasuka, zikufunafuna pakati pa bokosi lotsatira.