Zilembo zopendekeka: kukoma kwake ndi malire ake

Inu aphunzitsi a ku Petauke ndi ku Nyimba, ana ambiri amene mumalandira mu Giledi 1 amalankhula Cinsenga kunyumba. Cinyanja ca m'buku ndi nchito kale kwa iwo, conco maonekedwe a zilembo asawaonjezere mtolo wina. Nkhani ili pa zilembo zimene mumasankha pa kompyuta pokonza makhadi, machati ndi mayeso.

Pali mtundu wa zilembo zopanda timicira kumapeto, koma zoumbidwa motsata mmene dzanja limayendera polemba. Citsanzo codziwika ndi Gill Sans, ya Eric Gill, yomwe inatuluka mu 1928. Mukasankha *italic*, zilembo zake zimapendekekera kumanja, ndipo zina zimasinthiratu thupi. Cilembo *a* cimataya denga lake n'kukhala cozungulira cokhala ndi kamzere pambali, monga mumalembera ndi coko pa bolodi. Apa ndi poyamikira. Mwana amaona m'buku *a* yemweyo amene akulimbana naye m'kope. Arial sicita zimenezi: imangopendeketsa *a* wa denga uja.

Koma musakopeke mpaka kulemba nkhani yonse ndi zilembozi. Zopendekeka zimakhala zopanikizana kuposa zoongoka. Pepala likadutsa mu fotokope kangapo, *a* wozungulira uja amafanana ndi *o*, ndipo mwana amawerenga "dzino" pamene munalemba "dzina". Kacizindikiro ka mu *ng'* kamabisala pakati pa zilembo, koma ndiko kamene kamasiyanitsa mvekero wa mu "ng'ombe" ndi wa mu "ngoma". Gill Sans ili ndi vuto linanso: *I* wamkulu ndi *l* wamng'ono onse ndi kandodo cabe. Lembani "Ili ndi buku" ndipo muone mmene liwu loyambalo likuonekera kwa mwana wa zaka 7.

Pophunzitsa mvekero ndi maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, gwiritsani nchito zilembo zoongoka, zazikulu bwino. Andika, yopangidwa ndi bungwe la SIL International, ndi yaulere ndipo inakonzedwera anthu ongoyamba kuwerenga. Ili ndi *a* ndi *g* za pa bolodi ngakhale itaongoka, ndipo *I*, *l* ndi nambala 1 n'zosiyana poyera.

Zopendekeka zisungireni Giledi 3 ndi 4, pamene ana awerenga mosadodoma. Zimathandiza poonetsa liwu limene mukukambirana, mutu wa buku, kapena malangizo a m'sewero, kuti mwana adziwe mawu oyenera kunena ndi zoyenera kungocita. Mzere umodzi kapena iwiri pa tsamba ndi yokwanira.

Musanagawe pepala lililonse, licititseni fotokope, mulipatse mwana amene amavutika kuwerenga. Mvetserani pamene akudodoma, ndipo muyang'ane cilembo cimene cili pamenepo.