Thonje m'chiganizo

Ambirife timaganiza kuti mawu oti "bombastic" amachokera ku bomba. Ayi ndithu. "Bombast" linali thonje lomwe Angerezi akale ankapakira m'zovala kuti munthu aoneke wojintcha. "Fustian" inali nsalu yokhakhala. "Purple patch" nayo idachokera kwa Horace, mlakatuli wa ku Roma, amene ankadzudzula alembi osokerera chigamba chapepo pandakatulo kuti ingowala.

Mawu atatu onsewa, onyoza kalembedwe kodzitukumula, ndi a kwa telala, ndipo ine ndikuti adalasa. Ndikamawerenga ndakatulo za pa Facebook zodzaza mawu akuluakulu, ndimayamba ndachotsa thonjelo. Nthawi zambiri mumangotsala kaganizo kamodzi, kowonda zedi. Alembi anzanga, dyetsani kaganizoko kanenepe, musamakabise m'jekete la eni.