KHOMO LA MAPHUNZIRO APAMWAMBA A ZAUMULUNGU: KUUNIKA MALAMULO A KALOŴEDWE MU VERITATIS GAUDIUM

Chikalata cha Veritatis Gaudium, chimene malemu Papa Francis adasayina pa 8 Disembala 2017 nkuchitulutsa mu Januwale 2018, ndicho chikulamulira masiku ano mayunivesite ndi masukulu onse opereka madigiri m'dzina la Eklezia. Chidaloŵa m'malo mwa Sapientia Christiana cha Papa John Paul II, cha m'chaka cha 1979. Ambiri amene adachiŵerenga adakondwera ndi mau ake otsogolera, ndipo nkoyenera kutero pakuti ngokoma. Ife pano tifuna kuyang'ana mbali imene oŵerenga amakonda kuidumpha, ndiyo ndime zochepa zonena za anthu amene angaloledwe kuloŵa m'masukulu ameneŵa. Ndime zimenezi ndizo zimasankha amene adzaphunzitse m'maseminale athu m'zaka zikudzazi, ndiponso amene mau ake sadzamveka konse.

Zimene chikalata chikunena

Maphunziro a zaumulungu adagaŵidwa m'makwerero atatu. Loyamba ndi la maziko, lotenga zaka 5, kapena zaka 3 ngati munthu adayamba waphunzira filosofi zaka 2, ndipo limathera pa digiri ya Baccalaureatus. Lachiŵiri ndi la zaka 2, pamene wophunzira amazama pa nthambi imodzi, monga Malembo Oyera, chiphunzitso cha chikhulupiriro kapena cha makhalidwe, nalandira Licentia. Lachitatu ndi la Doctoratus, limene limafuna kuti munthu alembe buku lothandizadi kupititsa nzeru patsogolo, aliteteze poyera, ndipo mbali yake yaikulu isindikizidwe. Ndime 50 ikuti wokhala ndi Licentia angathe kuphunzitsa m'seminale yaikulu, pamene Doctoratus ndiyo imayeneretsa munthu kukhala mphunzitsi wa m'yunivesite ya Eklezia.

Pa za kaloŵedwe, ndime 31 ikutsekula khomo kwa onse amene angapereke umboni wa mitundu iŵiri: wakuti ngamakhalidwe abwino, ndi wakuti adatsiriza maphunziro oyenera kuyambira nawo. Malamulo otsatira akufotokoza kuti umboni woyambawo, kwa ansembe, aseminale ndi a m'zipani za chipembedzo, uchokere kwa Ambuye Episkopi kapena kwa mkulu wa chipani, ndipo kwa ena onse uchokere kwa munthu wa udindo mu Eklezia. Akulamulanso kuti wophunzira adziŵe Chilatini mokwanira kuti athe kuŵerenga yekha zolembedwa za Eklezia. Za ziyankhulo zina, zakale ndi zamakono, zasiyidwa m'manja mwa sukulu iliyonse.

Zoyenera kuyamika

Alipo ena amene amadandaula ndi kalata ya Episkopi, namati nzeru sizifuna chilolezo. Ife sitikugwirizana nawo. Maphunziro a zaumulungu amasiyana ndi a zamalonda kapena a zaulimi pakuti chinthu chimene munthu akufufuza adachilandira kuchokera kwa mpingo wokhulupirira, ndipo adzachibwezera komweko. Wopita ku Roma kapena ku Nairobi amapita ngati mthenga wa mfumu, ndipo mthenga sadzituma. Kalatayo imakumbutsa wolemba ndi wolembedwa yemwe kuti pali anthu amene akudikira kumudzi.

Chachiŵiri choyamikika ndi chatsopano. Ndime 32 ikulamula kuti sukulu iliyonse ikonze njira yoganizira othaŵa kwao amene alibe mapepala ofunika. Mfundo imeneyi munalibe m'chikalata cha 1979. Ife a ku Malaŵi kuno, amene tidalandira anthu opitirira miliyoni othaŵa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo tili ndi msasa wa Dzaleka ku Dowa kuyambira 1994, tikudziŵa kuti mnyamata wanzeru angathe kusiya satifiketi yake m'nyumba yoyaka moto, nzeru zake osazisiya. Apa lamulo lamva kulira kwa anthu.

Pamene pakupereŵera

Vuto tikuliwona tikayika mau otsogolera pambali pa malamulo. M'mau otsogolera Papa akupereka mfundo 4 zokonzera maphunziroŵa: kubwerera ku mtima wa Uthenga Wabwino, kukambirana ndi anthu a zikhalidwe ndi zipembedzo zonse, kugwirizanitsa nthambi zosiyanasiyana za nzeru, ndi kulumikiza masukulu a m'maiko osiyanasiyana. Akufuna maphunziro oyenera Eklezia wotuluka kunja kukakumana ndi anthu. Koma tikafika pa ndime za kaloŵedwe, tipeza kuti, kupatula za othaŵa kwao zija, pafupifupi zonse ndi zomwe zidalembedwa mu 1979. Denga lafoleredwa udzu watsopano, koma khomo ndi lakale lomwe.

Titenge nkhani ya ziyankhulo. Sitikutsutsa Chilatini. Munthu amene sangaŵerenge Augustine kapena Thomas Aquinas m'mau ao eniake amadya nsima yotafuniridwa, ndipo maseminale athu ayenera kulimbikira Chilatini, Chigiriki ndi Chihebri kuposa m'mene akuchitira. Funso lathu ndi lina. Afilosofi amatiphunzitsa kuti chida chimayezedwa ndi ntchito imene chidapangidwira. Chilatini chikufunidwa kuti wophunzira afike pa gwero la chiphunzitso. Nanga ngati cholinga china cha maphunziroŵa, monga Papa mwini wake akunenera, ndi kukambirana ndi zikhalidwe za anthu, chida chofikira pa zikhalidwezo nchiti? Mlongo wathu sisitere amene amadziŵa Chiyao mozama, amene wakhala zaka zambiri pakati pa Asilamu a ku Mangochi, ali ndi chida chimene aphunzitsi ambiri otchuka alibe. Komabe malamulo a kaloŵedwe satchula luso lotere. Chicheŵa, Chitumbuka, Chisena ndi Chilomwe zimaonedwa ngati ziyankhulo zolalikira chabe, osati zoganizira. Zotsatira zake nzakuti timalandira ansembe odziŵa kufotokoza za Utatu Woyera m'Chitaliyana, koma amene mau amaŵathera akafunsidwa pa maliro za mizimu ya makolo.

Nkhani imeneyi siyachilendo. Mu 1960, ku yunivesite ya Lovanium ku Congo, wophunzira Tharcisse Tshibangu ndi mphunzitsi wake Alfred Vanneste adatsutsana poyera ngati nkotheka kukhala ndi maphunziro a zaumulungu a maonekedwe a Chiafirika. Mu 1969 ku Kampala, Papa Paul VI adauza Aafirika kuti angathe, ndipo ayenera, kukhala ndi Chikhristu chaochao. Mkanganowo udatha kale m'mabuku. Pa mapepala ofunsira malo sudafikebe.

Chopereŵera china chikukhudza akhristu eni ake. Lamulo likuti khomo ndi la onse, ndipo nzoona. Koma wansembe akapita kukaphunzira amakhala ndi dayosizi kumbuyo kwake, ndipo ku Roma kuli nyumba zosungira ansembe a ku maiko a mishoni, monga ya San Pietro Apostolo ndi ya San Paolo. Nanga katekisiti wa ana asanu, kapena mai mphunzitsi wa ku sekondale, adzagona kuti, ndipo akabwerako ndani adzamlembe ntchito? Ufulu umene munthu alibe njira youfikira ngwapakamwa chabe. Chikalata chimene chikulankhula mwamphamvu za Mtundu wonse wa Mulungu chikadayenera kunenapo kanthu pa udindo wa madayosizi wothandiza anthu otereŵa. Pamenepa chidangokhala chete.

Zimene zili m'manja mwa Eklezia wa kuno

Sikungakhale chilungamo kusenzetsa Roma katundu yense. Lamulo la dziko lonse limangoika malire. Kusankha munthu kumachitika kuno, ndipo apa mpamene pali ngozi ziŵiri.

Yoyamba ili mwa wofunsa malo. Thomas Aquinas adasiyanitsa khama loyenera la kuphunzira, limene adalitcha studiositas, ndi njala ya kudziŵa yopanda dongosolo, curiositas, imene mwa zina imafuna nzeru kuti munthu adzikuze nazo. Mseminale amene amaŵerenga zaka za m'parishi ngati nthaŵi yodikirira ndege, ndiponso amene amaona digiri ngati makwerero a ku mpando, ayenera kudzifunsa kuti ali mbali iti. Mayeso ake ngapafupi: kodi ali ndi funso limene limamsoŵetsa tulo, lochokera m'moyo wa akhristu amene akuŵatumikira? Wopita kunja wopanda funso amabwera ndi mayankho a mafunso a eni dziko.

Yachiŵiri ili mwa otuma. Pa 25 Epulo 2001 nthambi ya ku Roma yoona za kufalitsa Uthenga idatulutsa malangizo okhudza ansembe a ku maiko a mishoni okhala kunja, chifukwa ambiri opita kukaphunzira sankabwerera. Malangizowo akuti Episkopi asankhe wansembe woyeneradi, atchule nthambi imene akaphunzire, sukulu yake, ndi nthaŵi yobwerera, ndipo pakhale pangano lolembedwa ndi Episkopi wa kumene akupita. Tanthauzo lake nlakuti maphunziro asakhale mphotho ya wokondedwa, kapena njira yochotsera wovuta pamaso pa anthu. Ayambire pa kusoŵa kwa dayosizi ndi kwa maseminale a Kachebere ndi St Peter's ku Zomba.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira m'dziŵe limodzi, ndipo sitikuletsa kupita kutali. Koma maiŵe alipo ambiri. Aepiskopi a AMECEA adatsekula sukulu yao ya zaumulungu ku Nairobi mu 1984, imene mu 1992 idasanduka Catholic University of Eastern Africa, ndipo chaka chomwecho cha 1984 a Yezuiti adatsekula Hekima College mumzinda womwewo. Wofufuza za miphakati, za ukwati wa chikamwini kapena za ufiti angapeze kumeneko aphunzitsi omvetsa funso lake msanga. Wofuna kuzama pa Malembo Oyera kapena pa zolemba za Makolo a Eklezia ali ndi chifukwa chomveka choyang'anira ku Roma. Funso ndilo lisankhe sukulu, kutchuka kwa mzinda kusasankhe.

Chitsanzo tili nacho mwa malemu Ambuye Patrick Kalilombe. Adaphunzira Malembo Oyera ku Roma, adaphunzitsa ku Kachebere, ndipo atakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972 adaitanitsa sinodi ya dayosizi imene idazika miphakati. Buku lao la Doing Theology at the Grassroots likuwonetsa munthu amene maphunziro apamwamba adamnola makutu kuti amve bwino anthu wamba.

Tsono pempho lathu ndi ili. Kalata ya Episkopi isamangochitira umboni makhalidwe a munthu, koma izitchulanso funso limene akutumidwa kukafufuza ndi ntchito imene ikumdikira. Dayosizi iliyonse, potuma ansembe, iganizenso za asisitere ndi akhristu eni ake, ndipo iŵakonzere thandizo lenileni. Masukulu a m'chigawo chathu, popeza ndime 32 ikuŵapatsa ufulu woika zofunika zao za ziyankhulo, alembe m'malamulo ao kuti kudziŵa mozama chiyankhulo chimodzi cha kuno nkofunika kwa aliyense wofufuza za utumiki ndi za chikhalidwe. Pomaliza, wobwera ndi digiri apemphedwe kufotokoza zimene adapeza, m'chiyankhulo cha anthu, pamaso pa akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati. Zonsezi nzotheka popanda kusintha ndime ndi imodzi yomwe ya Veritatis Gaudium, ndipo Aepiskopi athu angathe kuziyamba ndi gulu lotsatira la amene adzatumidwe.