Manotsi a pa Foni pa Sikelo

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera mumzinda wa Blantyre kupita ku Zalewa, akapitirira pa Lunzu n'kufika pa Lirangwe, sangalephere kuona timaokala tolembedwa pakhomo kuti pamenepo amatchaja mafoni ndiponso amapanga fotokope. Timaokala totere tiliponso pa Chileka ndi m'malo ena ochitira malonda m'dera limeneli. Pakati pa anthu ofika pamalo oterewa makono ano pamapezeka ana a sukulu za sekondale. Iwowa amadza ndi foni ya bambo kapena ya achimwene awo kudzasindikizitsa manotsi amene alandira pa WhatsApp. Manotsiwo amalembedwa ndi aphunzitsi ndi anthu ena paokha, osatumidwa ndi boma kapena kampani yosindikiza mabuku. Popeza ana ambiri akudalira zolembedwa zimenezi kuposa mabuku enieni, n'koyenera kuziika pa sikelo monga momwe buku lililonse limayesedwera, kuti kulemera kwake ndi kupepuka kwake kudziwike.

Kuphunzira kwa mphunzitsi amene ali kutali si chinthu chachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1965 boma linatsegula sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ya Malawi Correspondence College, imene mu 1987 inayamba kutchedwa Malawi College of Distance Education. Ana ochuluka a kumidzi amene sanasankhidwe kupita ku sekondale anaphunzira m'masukulu a MCDE, powerenga timabuku totchedwa maseti ndi kumvera maphunziro pa wailesi. Masetiwo ankalembedwa ndi gulu la akatswiri, ndipo phunziro likatha pankakhala ntchito yoti wophunzira alembe, wina aichonge. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 masukulu amenewa anasandulika kukhala sekondale zoyendera, zimene lero zikusunga ana ambiri a ku Chileka ndi ku Lirangwe.

Nazo sukulu za pulayimale zalandirapo zipangizo zachilendo. Boma litathetsa fizi mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi ndi mabuku zinaperewera. Mu 2008 wailesi ya MBC inayamba kuulutsa pulogalamu ya Tikwere, imene ana a m'makalasi oyambirira ankamvera kwa theka la ola pa mawailesi ochita kupukusa. Nzeru ya pulogalamuyi inagona pakuti mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsa funso n'kukhala chete, kuti ana ayankhe ndipo mphunzitsi wa m'kalasi awawongolere. Mu 2013 matabuleti ophunzitsa masamu m'Chichewa anayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT yofuna kufikitsa matabuleti m'sukulu zonse za pulayimale za boma. Zipangizo zonsezi zili ndi zinthu ziwiri zofanana: zinaunikidwa zisanafike kwa mwana, ndipo zinakonzedwa kuti mwanayo azichitapo kanthu yekha. Zinthu ziwiri zimenezi ndiwo muyeso woyenera kuyesera manotsi a pa foni.

Manotsiwa anafala kwambiri m'chaka cha 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana a Fomu 4 anakhala pakhomo mpaka mwezi wa Seputembala mayeso ali pakhomo. Aphunzitsi achifundo anatsegula magulu a pa WhatsApp n'kuyamba kutumizamo zimene akanalemba pa bolodi. Ena anajambula mawu awo, ena anadzijambula pa kanema akusova masamu. Mliri unatha, koma chizolowezi chinatsala. Lero munthu angathe kupeza pa foni manotsi a phunziro lililonse, ena aulere, ena ochita kugula kudzera pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Kunena chilungamo, zolembedwa zimenezi zili ndi ubwino umene wozidzudzula aliyense ayenera kuyamba wauvomereza. M'sekondale zambiri zoyendera mabuku ndi ochepa, ndipo buku limodzi limadikiridwa ndi ana angapo. Mwana amene m'mbuyomu ankataya madzulo onse akukopera kope la mnzake tsopano amalandira phunziro lathunthu m'kuphethira kwa diso. Mtsikana amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha pathupi, kapena bambo wogwira ntchito masana amene akufuna kulembanso mayeso, amapeza poyambira osapempha munthu. Komanso olemba manotsi ambiri ndi anthu a choko m'manja, odziwa pamene ana amapunthwa. Amalongosola mosazungulira, ndipo pa kanema amatha kusiya Chingerezi n'kumasulira mfundo yovuta m'chilankhulo chimene mwana wa ku Lirangwe amalankhula pakhomo. Kalekale mphunzitsi waluso ankadziwika kwa ana a m'kalasi mwake okha, ndipo luso lakelo linkapita naye akapuma pa ntchito. Lero mawu ake akumveka m'maboma amene iye sanapondemo. Ichi n'chinthu chonyaditsa.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chilema choyamba cha manotsiwa n'chakuti palibe amene amawaunika. Buku lisanaloledwe m'sukulu limadutsa m'manja mwa akonzi, kenako limayesedwa ndi akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi kuti aone ngati likugwirizana ndi silabasi. Manotsi a pa foni amachoka kwa mlembi n'kugwera m'manja mwa mwana tsiku lomwelo. Mlembi akalakwitsa chaka m'mbiri yakale, kapena akasemphanitsa chizindikiro m'masamu, cholakwikacho chimayenda kuchoka pa foni ina kupita pa ina, ndipo ana mazanamazana amachiloweza pamtima. Choipirapo n'chakuti poyenda chotere dzina la mlembi limafufutidwa, wina n'kuikapo lake. Motero wolakwitsa sadziwika kuti akonze, ndipo wolemba bwino salandira ulemu kapena phindu la thukuta lake. Ena mwa manotsiwa ndi a silabasi yakale, koma popeza salembedwa chaka, mwana sangathe kusiyanitsa.

Chilema chachiwiri, chimene ndi chachikulu koposa, chili m'kalembedwe kake. Pafupifupi manotsi onse amatsata njira imodzi: funso pamwamba, yankho pansi, kapena mndandanda wa timfundo tifupitifupi. Kalembedwe kotere n'kothandiza kwa munthu amene anaphunzira kale ndipo akungodzikumbutsa, koma kwa amene sanawerenge buku kamampatsa chigamulo asanamve mlandu. Chitsanzo chabwino ndi buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Nthara, limene linatuluka mu 1933 ndipo lakhala likuwerengedwa pokonzekera mayeso a Fomu 4. Bukuli limatsata moyo wa munthu kuyambira kubadwa mpaka imfa yake: ubwana wake wovuta, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, ufumu wake ndi kutembenuka mtima kwake. Wowerenga bukuli amaona mmene mudzi unkalerera mwana, mmene milandu inkaweruzidwira, ndiponso amamva Chichewa chokhwima cha nthawi imeneyo. Amathanso kudzifunsa ngati kusintha kwa Nthondo kukukhutiritsa, kapena ngati mlembi, amene anali mphunzitsi wa mishoni, anakokera nkhani kumbali imene iye ankafuna. Manotsi amafinya zonsezi n'kutsala ndi mizere ingapo: Nthondo anali wakuba, wamwano, wolimba mtima. Mwana woloweza mizere imeneyi angathe kupeza malikisi, koma sanakumane ndi Nthondo. Ali ngati munthu amene wauzidwa kuti ndiwo zinali zokoma, iye osalawako ngakhale msuzi.

Kalembedwe kameneka kamaphanso funso. Mwambi umati safunsa anadya phula, ndipo mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito amazindikira kuti phunziro limayamba pamene mwana wakwinya nkhope n'kukweza mkono. Nkhope yokwinyayo ndi imene imamuuza kuti abwerere m'mbuyo, asinthe chitsanzo, afunse mwa njira ina. Tikwere inasiya mpata wa zimenezi. Tabuleti nayo imadikira kuti mwana akhudze yankho, ndipo akalakwa imambweza. Manotsi a pa foni sadikira munthu. Amayankha mafunso amene mwanayo sanafunse, ndipo mafunso amene ali nawo m'mutu amatsala osayankhidwa.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Manotsi ambiri a phunziro la Chichewa amalembedwa ndi zala ziwiri pa foni, mosasamala malamulo a kalembedwe. Mawu oyenera kulumikizidwa amalekanitsidwa, nkhodolero imasowa pamene ikufunika, ndipo zilembo l ndi r zimasinthana malo mwachisawawa. Mwana amakhulupirira chimene waona chitasindikizidwa. Akachiona kakhumi, dzanja lake limachizolowera, ndipo amakachilemba pa chimangirizo m'chipinda cha mayeso. M'mera mpoyamba, ndipo chizolowezi cha kalembedwe chikakhota n'chovuta kuchiwongola.

Chilema chachitatu sichili mwa olemba, koma m'njira imene manotsiwo amadzera. Mawaya akuluakulu onyamula magetsi ochokera mu mtsinje wa Shire amadutsa m'dera la Blantyre kumidzi polowera mumzinda, koma nyumba zambiri za m'munsi mwake zimagona mumdima. Foni yowerengera manotsi iyenera kukhala yapamwamba, iyenera kutchajidwa, ndipo imafuna bandulo. M'banja lokhala ndi foni imodzi, foniyo imapita ku msika kapena ku ganyu ndi mwini wake. Ikabwera madzulo, kawirikawiri mnyamata ndiye amaigwira pamene mlongo wake ali pa moto kapena ku mjigo. Mphunzitsi akangonena kuti zotsalazo watumiza pa gulu, ndiye kuti wagawa kalasi pawiri mosadziwa: amene amva ndi amene adzamvera kwa anzawo mawa.

Zimene zinachitika mu Novembala 2020 zinaonetsa kumene chizolowezi chodikira mayankho chingafikitse dziko. Mayeso a MSCE atayamba kale, boma linawaimitsa chifukwa mapepala ena anabedwa n'kufalitsidwa pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Sikungakhale chilungamo kuloza chala olemba manotsi pa mlandu umenewu. Komabe njira imene likasa linadzera ndi yomwe manotsi amadzera, ndipo mwana amene kwa zaka zinayi wazolowera kuti nzeru ndi yankho lobwera pa foni savutika kulandira likasa ngati phunziro lina lomaliza. Ngoziyi yakula kuyambira mu 2024, pamene Meta AI inalowa mu WhatsApp kuno ku Malawi. Tsopano makina angathe kulembera mwana chimangirizo chonse, mosadodoma ngakhale pamene akunama.

Nanga pamenepa chofunika n'chiyani? Kuletsa manotsi kungakhale kulimbana ndi mphepo, ndiponso kungalande mwana wosauka kochepa kamene ali nako. Chofunika n'kukweza kalembedwe kake. Mlembi aliyense alembe dzina lake, chaka ndi silabasi imene watsata, kuti aziyankha pa zimene walemba. Asanatumize, apereke zolembazo kwa mnzake wa phunziro lomwelo kuti aziwerenge, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana, monga za ku Chileka kapena za ku Lirangwe, angathe kumakumana pa teremu n'kusankha manotsi oyenera ana awo, n'kusindikiza ochepa oti azikhala pa sukulu kuti wopanda foni asatsalire. Koposa zonse, manotsi abwino azituma mwana ku buku, azimuuza tsamba loti awerenge, ndipo azitha ndi funso limene yankho lake silinalembedwe pansi pake.

Makoleji a zauphunzitsi ali ndi gawo lawo. Koleji ya Chilangoma, imene bungwe la DAPP linatsegula m'dera la Chileka mu 2003, pamodzi ndi makoleji ena onse, akusula aphunzitsi amene adzapeza foni itawatsogolera kale m'kalasi. Kale mphunzitsi ankaphunzitsidwa kukonza phunziro ndi kulemba bwino pa bolodi. Lero ayeneranso kuphunzira kuyesa zolembedwa ndi ena, kuzindikira cholakwika, ndi kuphunzitsa ana kukayika mwaulemu chimene awerenga. Mphunzitsi amene ntchito yake inali kukopera manotsi pa bolodi kuti ana akopere m'makope, foni yamulanda kale ntchito. Amene amayenda pakati pa madesiki, kusuzumira m'makope ndi kumva pamene mwana wasokonezeka, ameneyo adakali wofunika monga kale.

Akaikidwa pa sikelo, manotsi a pa foni amalemera pa kufikira anthu ambiri ndi pa kufotokoza mosavuta, koma amapepuka pa kulondola ndi pa kudzutsa maganizo. Sileti, maseti, wailesi ndi tabuleti zinafika iliyonse pa nthawi yake, ndipo chilichonse chinathandiza molingana ndi dzanja limene linachigwira. Mwana wa Fomu 4 amene waima pa okala ya pa Lirangwe, ndalama ya fotokope ili m'manja, wachita mbali yake pofunafuna nzeru. Zatsalira kwa olemba ndi kwa aphunzitsi ake kuonetsetsa kuti mapepala amene akupita nawo kwawowo akamphunzitse kuganiza.