Mankhwala opha udzu m'minda ya nzimbe: zomwe kafukufuku wa 2018 anapeza ndi zomwe sanayeze

Mu 2018 magazini ya sayansi ya Crop Protection inasindikiza kafukufuku wa Trust Kasambala Donga ndi Ole Martin Eklo wokhudza mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito pa ulimi wa nzimbe m'Malawi. Ofufuzawa anafunsa mafunso alimi 55 ndi anthu ena 7 odziwa bwino za ulimiwu m'maboma a Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Chikwawa. Ntchitoyi ikuwakhudza a zaumoyo chifukwa minda ya nzimbe inayandikana ndi madzi amene anthu amamwa, kusamba ndi kuwedzamo nsomba. Ku Nchalo ndi ku Kasinthula minda ili m'chigwa cha mtsinje wa Shire, ndipo ku Dwangwa ili pafupi ndi nyanja ya Malawi. Komabe, wowerenga amene akufuna kudziwa ngati madzi a pachitsime cha mudzi woyandikana ndi munda ali ndi mankhwala kapena ayi, sangapeze yankho m'kafukufukuyu.

Zomwe kafukufukuyu anachita bwino

Choyamba, anatchula mayina a mankhwala amene alimi akuwagwiritsadi ntchito. Mwa mankhwalawo, 15 ali m'gulu limene bungwe la WHO limati ndi loopsa pang'ono, ndipo amodzi ali m'gulu loopsa kwambiri. Ena mwa iwo, monga ametryn, acetochlor ndi MSMA, amene onse ndi opha udzu, saloledwa m'mayiko a European Union. Mndandanda woterewu ndi poyambira pabwino, chifukwa labotale singayeze madzi mwachisawawa. Imafunika kudziwa dzina la mankhwala amene ikufufuza.

Chachiwiri, anasonyeza kuti vuto si umbuli. Alimi onse amene anafunsidwa ankadziwa kuti mankhwala amatha kulowa pansi pa nthaka n'kuipitsa zitsime, ndipo pafupifupi onse ankadziwa kuti amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Ngakhale zinali choncho, 78 pa 100 alionse anali atamvapo kuyabwa kwa khungu pogwira mankhwala. Ofufuzawa anaonanso kuti makampani aakulu ndi magulu a alimi ali ndi njira zodzitetezera, pamene mlimi wamng'ono wolima payekha alibe ndalama zogulira zodzitetezerazo. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Ikutanthauza kuti misonkhano yophunzitsa alimi payokha singathetse vutoli ngati nsapato za jombo, magolovesi ndi malo otsukira masipuleya kulibe.

Pamene umboni ukuchepera

Kafukufukuyu anali wa mafunso. Zimene akupereka ndi zonena za anthu, osati kuchuluka kwa mankhwala m'madzi kapena m'dothi. Mlimi akanena kuti mankhwala amalowa m'chitsime, akusonyeza zimene amadziwa, osati zimene zili m'chitsime chake. Olembawo akuvomereza mpata umenewu pamene akupempha kuti pakhale ndondomeko yoyeza zotsalira za mankhwala. Choncho amene amatchula kafukufukuyu ngati umboni woti madzi a ku Chikwawa kapena ku Dwangwa anaipitsidwa, amamusenzetsa katundu amene sananyamule.

Alimi 55 aja sanasankhidwe mwamaere, koma mwadala. Njira imeneyi ndi yabwino pofuna kumva maganizo osiyanasiyana, koma silola kuti ziwerengero zake ziimire alimi onse a nzimbe. Zizindikiro monga mutu, chifuwa ndi kuyabwa zinali zongokumbukira, ndipo popanda gulu lina la anthu osagwira mankhwala loyerekezera nalo, n'kovuta kusiyanitsa zobwera ndi mankhwala ndi zobwera ndi fumbi, kutentha kapena utsi wa nzimbe zotenthedwa pokolola. Kuwonjezera apo, zizindikirozi ndi za wopopera. Mayi amene amatunga madzi kumunsi kwa munda, ndi mwana amene amamwa madziwo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ali pa chiopsezo cha mtundu wina, ndipo m'kafukufukuyu saonekamo.

Kuopsa kwa mankhwala ndi kuyenda kwake ndi zinthu ziwiri

Magulu a WHO amatengera makamaka mlingo umene umapha makoswe oyeserapo akamwa mankhwala kamodzi kapena akawakhudza pakhungu. Magulu amenewa ndi othandiza kwa dokotala wolandira munthu amene wamwa mankhwala, koma sanena kanthu za mmene mankhwalawo amayendera m'nthaka. Paraquat amapha munthu akamwa ngakhale pang'ono, koma amamatirira kwambiri ku dongo moti salowa pansi msanga. Atrazine ali m'gulu lachitatu la WHO, lomwe ndi la mankhwala osaopsa kwenikweni, koma ndi amodzi mwa mankhwala amene amapezeka kawirikawiri m'madzi apansi pa nthaka m'mayiko ambiri. Dziko la Germany linawaletsa mu 1991, koma anapitiriza kupezeka m'madzi ake patatha zaka zoposa makumi awiri.

Kuyenda kwa mankhwala kumadalira zinthu zitatu: mmene amasungunukira m'madzi, mmene amamatirira ku manyowa ndi dongo la m'nthaka, ndiponso nthawi imene amatenga kuti awole. Mu 1989 David Gustafson anakonza chiwerengero chotchedwa GUS, chimene chimaphatikiza kumatirira ndi kuwola. Mankhwala opitirira 2.8 amaonedwa kuti amalowa pansi mosavuta, ndipo ochepera 1.8 samalowa kwenikweni. Mndandanda wa mankhwala a m'minda ya nzimbe utasanjidwa motengera chiwerengero chotere, ungaonetse amene labotale iyenera kuyamba nawo. Komanso MSMA ndi wapadera, chifukwa ali ndi arsenic. Mbali ina ya mankhwalawa imawola, koma arsenic yekhayo satha, amangosintha mtundu n'kukhalabe m'dothi kapena m'madzi.

Ngakhale chiwerengero cha GUS chili ndi malire ake. Manambala ambiri a kawoledwe ka mankhwala anachokera ku nthaka za ku Ulaya ndi ku America. Kutentha kwa ku Chikwawa kungafulumizitse kuwola, zimene ndi zabwino. Koma nthaka ya mchenga yopanda manyowa ambiri sigwira mankhwala, ndipo dothi la makande limang'ambika m'chilimwe, moti madzi oyamba kugwa kapena kuthiriridwa amatha kutsika m'ming'alu osasefedwa. Pamene madzi apansi ali pafupi, monga m'madambo, ulendo wochoka pamunda kufika pachitsime ndi waufupi.

Nyengo ndi malo

Mankhwala opha udzu amapoperedwa makamaka nzimbe zikangobzalidwa kapena zikangodulidwa, nthaka ili poyera. Ku Queensland, m'dziko la Australia, kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti diuron, atrazine ndi hexazinone ochokera m'minda ya nzimbe amakokoloka kwambiri ndi mvula yoyamba kugwa atangopopera, n'kufika m'mitsinje yothira ku Great Barrier Reef. Phunziro lake ndi loti kuyeza madzi kamodzi m'chilimwe kungapereke chithunzi chabodza choti zonse zili bwino.

M'chigwa cha Shire muli zinthu zina ziwiri zowonjezera. Choyamba ndi madzi osefukira, monga a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, amene amasakaniza madzi a m'minda, a m'ngalande ndi a m'zitsime zosatetezedwa. Chachiwiri ndi mchere. Mijigo yambiri m'madera ena a Chikwawa imatulutsa madzi amchere, zimene zimachititsa mabanja kutunga mumtsinje, m'ngalande kapena m'zitsime zosazama. Kumunsi kuli dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'ndandanda wa Ramsar mu 2017 ndipo limadyetsa asodzi ambiri. Pamene ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikukulitsa ulimi wothirira, funso la madzi otuluka m'minda likukulanso.

Mlingo wake ndi uti

Ngakhale madzi atayezedwa, patsala mtsutso wa mlingo woyerekezera. Pa atrazine, European Union imalola mamayikirogalamu 0.1 pa lita imodzi ya madzi akumwa, dziko la United States limalola 3, ndipo WHO inakweza mlingo wake mu 2011 kuchoka pa 2 kufika pa 100. Botolo limodzi la madzi likhoza kulephera ku Brussels koma n'kupambana ku Geneva. Wofufuza aliyense ayenera kunena poyera mlingo umene wasankha ndi chifukwa chake, apo ayi zotsatira zake zingagwiritsidwe ntchito poopseza anthu kapena powatonthoza mosayenera.

Zoyenera kutsatira

Kafukufuku wa 2018 anagwira ntchito imene anailonjeza, ndipo ndi woyenera kuwerengedwa ndi ophunzira za umoyo wa anthu. Chimene chatsala ndi ntchito ya ena. Pakufunika kutunga madzi m'zitsime, m'mijigo ndi m'ngalande kumtunda ndi kumunsi kwa minda, asanapopere, atangopopera ndiponso mvula yoyamba itagwa, ndi kulemba mtundu wa dothi ndi kuzama kwa madzi pamalo alionse. Pakufunikanso kufunsa mabanja komwe amatungadi madzi akumwa miyezi yosiyanasiyana, chifukwa mjigo wolembedwa m'kaundula sindiwo nthawi zonse umene anthu amamwapo. Klorini amene amagawidwa pa nthawi ya kolera amapha tizilombo, koma sachotsa mankhwala ngati atrazine, ndipo kuwiritsa madzi sikuchotsa arsenic. Bungwe la Pesticides Control Board, limene limapereka ziphaso za mankhwalawa, ndi a zaumoyo m'maboma atatuwa angapange zisankho zolimba pokhapokha manambala ochokera m'madzi enieniwo atapezeka.