Ndarama za Maluŵa Ofiira

Mwezi wa November, anthu akasonkhana pa cipilala ca asilikari mu Independence Avenue, timagula maluŵa ofiira osafunsa kumene ndarama zathu zipita. Ku America, m'caka ca 2016, bungwe la Wounded Warrior Project linacotsa akulu ace aŵiri, atolankhani ataulula za cuma comwazidwa pamisonkhano m'mahotela. Ine pokhala kalaliki ndidziŵa kuti ofesi imadya: mapepala, lendi, galimoto. Sindikana. Koma msilikari wa Northern Rhodesia Regiment amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 analandira mphotho yocepa kupambana mzungu mnzace. Anamdyera kale masuku pamutu. Tsono bungwe liri lonse lopempha m'dzina lace liyambe laonetsa wamasiye wace wa ku Kabwata malipiro a mkulu wace, tisanaponye ngwee m'citini.