MISOZI YA MATHA

M'caka ca 1964, pamene dziko lathu linali kulandira ufulu, a Edward Mukuka Nkoloso anasonkhanitsa acinyamata kuno ku Chunga nayamba kuwaphunzitsa za ulendo wa kumwezi. Anali kuwalowetsa mu mgolo wa mafuta ndi kuwakunkhuniza pa citunda kuti azolowere za mlengalenga. Pakati pao panali mtsikana, dzina lace Matha Mwamba, amene pambuyo pace anatenga pakati nabwerera kwao. Mai Namwali Serpell, mbadwa ya m'Lusaka, anatola dzina limeneli nalipatsa moyo wautali m'buku lao la Cingelezi, The Old Drift, limene linaturuka mu 2019.

Bukuli ndi lalikuru ndithu, masamba ace apitirira 500, ndipo lisimba za mabanja atatu ndi zikondi zao zambiri. Muli Agnes, Mzungu wakhungu amene akwatiwa ndi Ronald, mnyamata wa kwathu kuno, ndi ena otere. Koma ine ndifuna kunena za Matha yekha, pakuti ndiye wandikondweretsa kopambana, ndiyenso wandikwiyitsa.

Poyamba mlembi atisonyeza mtsikana wanzeru, wokonda kuseka, amene aphunzira kuwerenga pa nthawi imene sukulu inali ya anyamata. Akonda Godfrey, mnzace wa m'gulu la a Nkoloso. Inu amene mwawerenga timabuku ta cikondi mudziwa kuti m'menemo mtsikana amakhala mngelo kapena wacimasomaso, palibe wa pakati. Matha sali wotero. Akonda ndi mtima wonse, koma nzeru zace sazitaya, ndipo powerenga munthu aiwala kuti ali ndi buku m'manja. Apa mlembi ndimtamanda.

Tsono Godfrey asowa, Matha atsala ndi pakati, nayamba kulira m'kanyumba kace ku Kalingalinga. Misoziyo siuma. Itsika usana ndi usiku kwa zaka zambirimbiri, kufikira mwana wace Sylvia aleredwa ndi ena. Apa ndipo mtima wanga ukana. Ife a ku Chunga tikhala pafupi ndi manda, ndipo kulira kwa akazi tikudziwa bwino. Mai amalira mpaka mau atha, koma maliro akatha mumpeza pa msika wa Matero wayala tomato wace, cifukwa ana sadya misozi. Nanga mkazi amene anafuna kufika kumwezi angathe bwanji moyo wace wonse polirira mwamuna mmodzi?

Wina adzanditsutsa kuti bukuli ladzala ndi zozizwitsa dala. Muli mkazi Sibilla amene tsitsi limera thupi lace lonse, ndipo udzudzu umalankhula pakati pa mitu monga oyimba ovomereza nyimbo. Pa nthano za agogo sitifunsa cifukwa cace Kalulu alankhula. Adzanenanso kuti Matha salirira Godfrey yekha, koma zonse zimene ufulu unalonjeza atsikana onga iye osawapatsa. Mau awa ndi olemera, ndipo ndibvomera kuti pa masamba ena misoziyo inandigwira pakhosi.

Komabe Kalulu sanakhalepo ndi moyo, pamene Matha Mwamba anali munthu weniweni amene anaponda dothi lino la Chunga. A Nkoloso dziko liwakumbukira ndi cisoti cao ndi maloto ao. Mtsikanayo, amene nyuzi za 1964 zinangomuona ngati coseketsa, tsopano adziwika kutali ndi maso otupa. Bukuli linalandira mphoto ya Arthur C. Clarke ku Britain mu 2020, motero ambiri olidziwa ndi akunja, amene sanaonepo mai wa m'komboni akubwera kumanda nalunjika kukatunga madzi.